Batate awerengera ba Tembo nyuzipepa

Mwachoma bwanji nonse.

Mudziwa kuti chidwalireni sitroko batate satha kuwerenga, akuti zilembo zimangovina. Koma nyuzipepa sasiya kugula, safuna aneba adziwe.

Lero aneba athu ba Tembo awapeza pakhonde. "Mdala, tiwerengereniko nkhani."

Batate akonza magalasi, atambasula pepa, n'kuyamba za m'mutu: "Fakitale ya fetereza ikulemba anthu ntchito! Nyumba ya kampani akupatsa pomwepo!" Zonsezi n'za nthawi ija atangofika kuno ku Kafue ali mnyamata.

Ba Tembo athamangitsira ana awo awiri kufakitale, atavala mataye, dzuwa lonseli!

Nditawadandaulira batate, akuti, "Ndanama chiyani? Zinachitika."

Abale, nditani? Ndikaulule kwa ba Tembo, kapena tidikire anyamatawo abwere ndi makiyi a nyumba?