Bulangete langa m'galimoto ya aphunzitsi

Aphunzitsiwa ndi mwana wa malemu a Isake ndi mayi Mirriam, bambo ake a Howard ndi Thoko, mphunzitsi wopuma amene tinagundizana naye mpanda kuno ku Chezi. Galimoto yawo ndi yakale, koma amaisamala ngati khanda, ndipo mdani wawo ndi phokoso. M'zitseko anatsenderamo ziguduli za fodya, m'mawindo anamatamo mphira wa chubu kuti mphepo isamaimbe mluzu, ekizozi yobooka anaikulunga chitini n'kumanga ndi waya. “Galimoto yaulemu siilongolola,” amatero.

Phokoso limene linatsala ndi mkokomo wa msewu. Loweruka lina atanditenga popita ku Boma, anabwereka bulangete langa latsopano n'kuliyala pansi popondapo. Bulangetelo anandigulira ndi mdzukulu wanga Talandira, amene ali pa ubwenzi ndi Howard wawoyo. Zinathekadi. M'galimoto munangoti zii ngati m'tchalitchi.

Koma pakamwa pawo panali patazolowera kubisala m'phokoso lija. Tili pachitunda, anaweramira kwa akazi awo kutsogoloko: “Howard wathu angakwatire mdzukulu wa ali kumbuyowa? Mtundu wosaphunzira uwu.”

“Aphunzitsi,” ndinatero ine, “ntchito mwaigwira bwino. Ndamva zonse.”

Analimbana ndi windo kuti mphepo iwapulumutse, koma mphira wawo uja unakana.

Chinkhoswe chilipo mwezi wamawa, poti anawo amakondana. Bulangete likadali m'galimoto, kupepesa kukadali m'kamwa mwawo. Bulangetelo afunde, koma mawu aja adzawabwezera pakhomo panga, Talandira ali pomwepo.