Kamzere Kamene Kanasowa Kutsogolo kwa 18

Mayeso a kusekondale anamukana kawiri. Anayamba kutchaja mafoni a anthu pakhonde la sitolo ya amalume ake, mpaka dzina lake lenileni linaiwalika. Aliyense ankangoti Watchaja.

Inu amene mukuti zanu zinada, tamvani za mtsikanayu.

M'sitolomo munali kompyuta yotopa. Makasitomala akachepa, Watchaja ankaphunzirapo chiyankhulo chakale cholembera mapulogalamu a m'makampani, chimene anzake ankachiseka kuti n'cha madala. Koma poti ochidziwa ndi ochepa, kampani ina yosunga nyama m'zipinda zozizira inamuitana kuti imuyese kaye. Akalephera, abwerera pakhonde.

Ntchito yake yoyamba inali yoti sikirini ya pakhomo la chipinda izionetsa mmene mkatimo mukuzizirira. M'chiyankhulochi nambala umaikonzeratu malo, ndipo umasiyanso mpata wa mayinasi, kamzere kosonyeza kuti nambalayo ili pansi pa ziro. Ukapanda kutero kompyuta sidandaula, imangokataya kamzereko mwakachetechete. Watchaja anaiwala.

M'mawa mwake sikirini inaonetsa 18 m'malo mwa -18. Akapitawo, oyang'anira zipindazo, anagwira m'mutu.

"Nyama ikuwola! Tulutsani makatoni onse!"

Akapitawowo anathamangira mkati atavala shati yokha. Posakhalitsa anatuluka mano akugundana, ndevu zili mbuu. Antchito anaseka mpaka kugwira nthiti. Amene sanaseke ndi Watchaja yekha. Abwana atamuitana, analowa atakolekeratu chikwama chake paphewa.

"Chikwamacho n'cha chiyani, mwanawe?" anafunsa abwanawo. "Walakwitsa, kakonze. Koma ukayambe wafunsa munthu amene amawerenga sikiriniyo."

Anapita kwa akapitawo mwamanyazi. Anawapeza akuwotha dzuwa.

"Pepani bambo, ndakuzunzitsani."

"Wandizunzadi," anatero akuseka. "Tamvera. Kamzereko kakhale kutsogolo, kogundana ndi nambala. Kakakhala kumapeto, maso angawa amakafika mochedwa. Ndipo kukafunda ndizionanso pulasi, kamtanda ka nambala za pamwamba pa ziro, ndisamaganize kuti kamzere kagwanso."

Watchaja anakonza momwemo. Anayesa nambala za pansi pa ziro, za pamwamba, ndi ziro weniweniyo. Kenako anazungulira zipinda zonse n'kumafunsa aliyense ngati akuwerenga bwino, mpaka ena anati, "Achemwali, tamva, tisiyeni tigwire ntchito!"

Nthawi yomuyesa itatha, akapitawo aja ndi amene analowa okha mu ofesi.

"Bwana, uyu musamutaye. Amafunsa."

Anamulemba ntchito tsiku lomwelo. Watchaja ataitanidwa n'kuuzidwa, anatuluka mu ofesimo akuvina, osasamala kuti ndani akumuona, ndipo ine ndikuti anavina bwino.

Ndiye inu, mukalakwitsa musafulumire kunyamula chikwama. Kugwa sikutha kwa ulendo. Pepesani, funsani, konzani. Mtima wokhawo musautaye!