Kachibangili kamene kankaitana apongozi

Mwana wanga woyamba anabadwa masiku asanakwane, wochepa moti ndinkaopa kumusambitsa. Potitulutsa ku chipatala cha pa boma anamumanga kachibangili kapulasitiki padzanja. Anati kakalira ndiye kuti mwana wazizidwa, ndimuvule, nanenso ndivule bulauzi, ndimuike pakati pa mabere, khungu kukhudza khungu, mpaka kasiye. Anati mwana wotere chimene chimamupha ndi kuzizira.

Tinabwerera ku Katowo pa pikapu, mwezi wa Juni, mphepo ya ku Nyika ikulowa mpaka m'mafupa. Amuna anga anali atapita ndi fodya ku Mzuzu, ine ndili pakhomo pa makolo awo.

Koma kanthuko kankalira! Ndinkakatembenuza ndikudabwa, mawu onsewa akutuluka pati m'kanthu kofanana ndi batani? Kakangoti tswii tswii, agalu kuuwa, ndipo woyamba kufika anali apongozi anga aamuna, mkulu wa mpingo, munthu wokonda mdzukulu wake zedi. Ankaima pakhomo pa nyumba yanga mtima uli m'mwamba. "Watani mwana? Watani?" Tsono kwathu kuno mtengwa savula pamaso pa apongozi aamuna, ngakhale kuwayang'ana kumaso sayang'ana. Ndinkangogwada, mutu pansi, mwana ali m'manja akuzizirabe, iwo osachoka chifukwa kakulira, ine osavula chifukwa iwo sakuchoka. Apongozi aakazi nthawi zambiri ankakhala ali kudimba. Ndikanauza ndani, ndipo ndikanayamba bwanji?

Tsiku lina kunabwera mtsikana wa ku Dedza pa kabaza, atavala majuzi awiri. Anati ndi wa gulu limene linapanga kachibangiliko.

"Kamamveka bwino, amake mwana?"

"Kamamveka chomene, yewo."

"Palibe vuto?"

"Palibe."

Munthu wakupatsa chinthu chaulere, wabwera ulendo wonsewo, ungamuuze kuti chili ndi vuto? Ndinkati anyamuka. Ayi ndithu, anakhala pamphasa n'kuyamba kutong'ola chimanga ndi apongozi aakazi, amene tsikulo sanapite kudimba chifukwa cha mlendo. Ine maso ali pa iye. Ntchito yanji iyi?

"Asisi, ntchito yanu ndi yomweyi, kukhala pakhomo pa anthu?"

Anaseka. "Ndi yomweyi. Ndikafunsa, aliyense amati zili bwino. Ndiye ndimangokhala ndione ndekha."

Dzuwa litapendeka kunagwa mtambo, mphepo n'kuyamba. Ndinalowa m'nyumba ndi mwana, mtsikanayo pambuyo panga. Posakhalitsa, tswii tswii. Ndinamva mapazi akuthamanga kuchokera kukhola, ndipo chithunzithunzi cha apongozi aamuna chinatseka khomo. Ndinagwada.

"Muikeni pachifuwa!" anatero mtsikanayo.

Ine chigwadire. Manja a mwana anali ozizira ngati supuni. Mtsikanayo anandiyang'ana, anayang'ana pakhomo, anandiyang'ananso, osamvetsa. Amene anamvetsa ndi apongozi aakazi, atafika ndi chitsononkho m'manja.

"Inu abambo, chokanipo apo! Avula bwanji mwanayu inu muli chilili ngati mtengo?"

Anabwerera cham'mbuyo, n'kupunthwa pa ndowa. Ine bulauzi pansi, mwana pachifuwa, chitenje, bulangeti pamwamba. Kachibangili kanalira, kanalira, kenako kanasiya.

Mtsikanayo anakhala pansi pafupi nane. Mafunso ake anali ngati a mwana wa sukulu. Zimachitika chonchi nthawi zonse? Nanga alamu aamuna akakhalapo? Nanga amuna anga eni ake? Ndinayankha zonse.

"Ife tinakweza mawuwo dala," anatero, "kuti nyumba yonse imve. Tinkati anthu akachuluka, thandizo lichuluka."

"Mwana wanga," anatero apongozi aakazi, "mwapanga belu la kutchalitchi. Ndiye mkulu wa mpingo angalephere kubwera?"

Tinaseka tonse, ine misozi ili m'maso.

Mtsikanayo anatulutsa pulasitala m'chikwama n'kumata pakabowo kotulukira mawu. Anadina pambali kuti kalire. "Mukumva, amake mwana?" Ndinkamva. Anapempha apongozi aakazi kuti akaime kukhola. "Kumeneko, amama?" Anakuwa kuti sakumva kanthu. Kenako anandifunsa ngati ndingakonde koti kazingonjenjemera ngati foni, osalira. Ndinati mwina, koma nanga mwana ndikamugoneka ndili kusamba, ndikadziwa bwanji? Ananena kuti zimenezo sanaziganizire, akazifunsanso kwa amayi ena ku Mwazisi.

Ngati anapangadi konjenjemerako sindidziwa, ndipo mpaka lero ndimafuna nditakaona. Kathu kaja kanakhala ndi pulasitala wake, wakuda ndi utsi, kakulirira ine ndekha. Apongozi aamuna anayamba kudutsa patali. M'mawa uliwonse ndinkangomva kutsokomola kuseri kwa nyumba, potuluka n'kupeza mtolo wa nkhuni pakhomo. Mwezi wa Ogasiti usanathe, ku sikelo anamuvula kachibangiliko. Kanali katayamba kumuthina dzanja.