Zitini Ziwiri pa Tebulo la a Harold

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinayamba kuwasungira amayi anga chakukhosi, ndipo gwero lake linali wonga wa mfuti.

Tinali titangosamukira ku Bolton, m'nyumba zogundizana zija zoti wa khomo linalo akatsokomola umamva. Amayi ankasamalira okalamba. Kusukulu ndinalibe wocheza naye, moti mnzanga woyamba ku Mangalande anali nkhalamba yoyandikana nafe, a Harold, amene ankakhala okha chimwalirireni akazi awo.

A Harold anali ndi chiphaso cha mfuti, koma zipolopolo sankagula. Akachoka kowombera chandamale ku kalabu yawo, ankabwera ndi makoko amkuwa a zipolopolo n'kudzawadzazanso wonga m'kashedi kawo kuseri. Munkanunkha mafuta ndi chinyezi. Ine ankandikhazika pakhomo, kukhudza kanthu ayi, koma nkhani ndiye ankandithirira mosaumira. Anandionetsa wonga wakuda wa utsi wambiri, umene amayi anati ndi womwe amalume awo ankathira mu mfuti ya gogodera ku Ntchisi. Anandionetsanso wa asilikali a nkhondo zakale, wotchedwa kodaiti, timizere tofiirira ngati spageti wosaphika. Akamaufotokoza ankachita kumwetulira, ngati akukumbuka chibwenzi cha pa unyamata.

Lamulo lawo ankalibwereza mpaka kutopetsa. "Pa tebulo pazikhala chitini chimodzi basi. Wonga umafanana m'maso, koma wina umapsa msanga. Ukasokoneza, mfuti imakuphulikira kumaso."

Loweruka lina lamvula ndinapeza zitini ziwiri zili zotsekula. A Harold anangoti chilili, akuyang'ana ichi, kenako icho. Nditawakumbutsa lamulo lija anaseka, n'kunditchula dzina la munthu wina.

Ndinakawasimbira amayi ngati nthabwala, koma iwo sanaseke. Anatenga foni kuti aimbire mwana wamkazi wa a Harold, amene ankakhala ku Manchester.

"Amayi, musanene! Adzawalanda zonse!" ndinatero.

"Mwanawe, zimenezi ndimaziona daily ku ntchito. Dementia, matenda oiwalaiwala aja, imayamba choncho."

"Si inu mumati wamkulu sitimuchititsa manyazi?"

"Ndimatero," anayankha. "Koma manyazi ndi maliro, iwe ungasankhe chiti?"

Sipanapite nthawi, apolisi anabwera kwa a Harold. Anali aulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unandiwawa. Ananyamula mfuti, zitini ndi kasikelo koyezera wonga. A Harold anaima pabwalo atavala masilipasi, mvula ikuwanyowetsa, maso ali pa chitseko chathu.

Kuchokera tsiku limenelo moni anatha. Amayi akawasiyira mandasi pakhomo, m'mawa tinkawapeza pomwepo, atanyowa. Komabe sabata iliyonse amayi ankawatulutsira mabini a zinyalala kumsewu n'kuwabwezera. Ine ndinali mbali ya a Harold. Ndinkayankha amayi m'Chingerezi chokhachokha, podziwa kuti zimawapweteka.

Patapita zaka, matenda atakula, a Harold anawatengera ku nyumba yosungirako okalamba. Amayi anandikakamiza kuti tikawaone. Tinawapeza pawindo, ataonda, manja onse awiri ali pamiyendo. Atationa anasangalala. Anagwira dzanja la amayi n'kunena kuti, "Ndinu mayi wabwino. Kodi mumakhala kuti?"

Pobwerera, mu basi, amayi analira anthu akuona. Ndinali ndisanawaonepo akulira chotero.

"Bola akanangopitiriza kundikwiyira," anatero. "Nthawi ijayi ankandidziwa."

Panopa ndine wamkulu, ndipo ndimamvetsa zimene ndinkakana kumva. Amayi ankadziwa bwino lomwe kuti akaimba foni ija ataya munthu yekhayo amene ankatipatsa moni mumsewu wonsewo, ndiponso kuti mwana wawo awada. Anaimbabe. A Harold anamwalira pabedi, zala zawo zonse zilipo, koma sanadziwe n'komwe amene anawapulumutsira zalazo.