Nyimbo Yachinayi ya a Januario

Ku Bangwe kuno mukafunsa kuti a Januario Alufazema amakhala pati, anthu amangoyang'anana. Mukati "a Jameson aja olanda katundu," ngakhale wogulitsa makala akulozerani chipata.

Bambo amenewa ntchito yawo ndi yolemba zikwangwani za masaluni ndi magolosale. Koma kwa zaka zingapo ankachita nawo sewero lina la pa TV, nthawi imene kanema mmodzi ankaonetsa mzere wonse wa nyumba. Iwo ankakhala Jameson, mlamu woipa mtima amene mkulu wake atamwalira ananyamula sofa, firiji ndi mbale za wamasiye mtembo usanatuluke m'nyumba. Ntchitoyo ankaitha. Nsidze zawo n'zokumana, mawu ndi okhuthala, ndipo akuti tsiku lina atangoti "makiyi," mayi wina ku Chilomoni anagenda TV yake yomwe ndi chipande. Sewerolo linatha cha m'ma 2006, dzina linatsala. Makondakita ankawakumbutsa kuti potsika mpando ausiye m'minibasi momwemo.

Zonsezi ankaziseka, mpaka pamene anafunsira Jesinta, mtsikana wosoka mayunifolomu pa kampani ina ku Makata. Jesinta analola. Amene anakana ndi mayi ake, Mayi Fulutuna, ochokera ku Nsanje, a mpando wakutsogolo ku tchalitchi. Amuna awo atamwalira, achibale anabwera ndi lole n'kusesa m'nyumba, TV yomwe, moti sewero la Jameson ankakaonera kwa aneba atakhala pansi. Anauza mwana wawo kuti iwo si mwana, akudziwa kuti zija zinali zosewera, koma munthu sanganyamule firiji mwaluso chonchija asanaphunzire kwinakwake. Ankhoswe a Januario atapita kukayamba nkhani, anabwerako atamwa madzi okha.

Apa ndi pomwe a Januario anaganiza zojambula chimbale cha nyimbo zachikondi, kuti dziko lonse, makamaka Mayi Fulutuna, limve kuti mtima wawo ndi wotani. Munali mu 2011. Situdiyo inali chipinda chawo chomwecho, kuseri kwa nyumba ya Anti Zubeda, eni malo. Kompyuta inali yomwe amakonzera zikwangwani, kiyibodi anabwereka kwa mkulu wa kwaya, maikolofoni anaimangirira ku mpini wa tsache n'kuiveka sokosi. Poti chigayo chili pafupi, matiresi anawaimika pawindo, m'makoma n'kukhomamo mabulangete. Magetsi chaka chimenecho ankabwera ngati mlendo wodutsa, ndiye pali nyimbo zina zimene amaziyamba ali bwinobwino n'kuzimaliza ali ndi chimfine.

Chimbalecho anachitcha "Mtima Wanga Ndi Wofewa." Pachikuto anavala suti yoyera, akumwetulira, atagwira maluwa apulasitiki. Amene anaona chithunzicho anati Jameson wayamba kulanda ndi nkhata za pamanda zomwe. Palibe wailesi imene inachiimba. Anyamata a mumsika wa Limbe, amene amakopera nyimbo za aliyense osapempha, ichi anachibweza mwaulemu. Mayi Fulutuna, Jesinta atawabweretsera CD yawoyawo, anaivundikira pa jagi ya madzi.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankachiliza tsiku ndi tsiku: Howard, dalaivala wa minibasi ya Limbe-Bangwe. Sikuti ankachikonda. CD inakanirira mu wailesi ya galimoto, osatulukanso.

Okwera minibasi imeneyi ndi amene anatulukira nyimbo yachinayi. Imatchedwa "Jesinta Usaope." A Januario ali pakati poimba, pamamveka kugogoda, kenako chitseko, kenako mawu a Anti Zubeda, kiyibodi ikupitiriza yokha kumbuyo.

"A Januario, bulangete langa ndinayanika lija lili kuti?"

"Lili pakhoma, anti."

"Khomalo likumva kuzizira?"

"Ndimati liletse phokoso."

"Phokoso lake ndinu. Mwalikhomera ndi misomali?"

"Ing'onoing'ono, anti. Pepani. Ndisoka."

"Muchapenso."

"Ndichapa."

Kenako pamamveka misomali ikuzulidwa, chitseko n'kutsekedwa, a Januario n'kutsokomola pang'ono, n'kupitiriza kolasi pomwe anasiyira. Kudula sankadziwa. Atayesa, kompyuta inafuna kufufuta nyimbo yonse, ndipo iwo ankaona kuti tsiku limenelo ndi lomwe anaimba bwino kuposa masiku onse, ndiye anangoisiya choncho. Ankaganiza kuti anthu azimvera mawu a nyimbo.

Posakhalitsa okwera anailoweza pamtima. Anti Zubeda akati "muchapenso," minibasi yonse inkayankha pamodzi kuti "ndichapa," ngati ku misa.

Loweruka lina Mayi Fulutuna akuchokera kogula nsomba ku Limbe anakwera minibasi imeneyi, mpando wakutsogolo. Nyimbo zitatu zoyamba anazimva akuyang'ana pawindo. Yachinayi itatha anafunsa Howard ngati angaibwereze. Howard anati asadandaule, ibwera yokha, palibe amene angailetse. Mayi Fulutuna anapitirira siteji yawo n'kukatsika kumapeto.

Mawa lake atatuluka m'tchalitchi anafunsira njira ya kwa Anti Zubeda. Amayi awiriwa anali asanaonanepo, koma anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Bulangete linatulutsidwa. Mayi Fulutuna analitambasula, analiyang'anitsa kudzuwa, anapapasa mosokedwa muja, analinunkhiza. Ulusi unali wosiyana mtundu ndi bulangetelo, koma kusoka kunali kolimba. A Januario nthawi yonseyi anali m'chipinda mwawo, matiresi ali pawindo, akusuzumira m'mbali.

Jesinta atafunsa madzulo kuti ulendo wayenda bwanji, mayi ake anayamba avula nsapato.

"Ndinanena ine kuti amalanda," anatero. "Bulangete analanda ndithu."

"Amayi, ankangofuna..."

"Koma uyu amabweza. Uwauze ankhoswe ake abwere Loweruka. Ndiphika."

Ukwati unachitika chaka chotsatira. Pa madyerero, woliza nyimbo anayesa kuika "Jesinta Usaope," koma anthu anakana kuvina mpaka Anti Zubeda atalowa m'nyimbomo. Anti Zubeda enieniwo anabwera ndi mphatso yokulunga bwino, ndipo anapempha woyendetsa mwambo kuti alengeze pa maikolofoni kuti bulangete ili lokha ndi lofunda, osati lokhomera pakhoma.

Ma CD otsala ali m'katoni pansi pa bedi, ndipo a Januario amati anthu adzachimvetsa chimbalechi m'tsogolo. Pamsewu akadali a Jameson. M'Bangwe monse, munthu amene amawaitana kuti a Januario nthawi zonse, osaphonya, ndi apongozi awo. Makiyi a nyumba yawo okha ndi omwe Mayi Fulutuna sanawasungitsebe a Januario.