Kope Limene Bambo Sanang'ambe

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, m'zaka za m'ma 1950, pamene bambo anga anayamba kuyenda modzandira. Anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ya Che Saidi ku Nathenje, ndipo Lamulungu ankatsogolera nyimbo kutchalitchi. Ine ndinali mwana wamanyazi. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kope lakale la kusukulu, n'kulibisa pansi pa mphasa.

Matenda awo ankabwera n'kupita. Ankayamba ndi zilonda m'kamwa, moti ngakhale phala ankamwa atatsinzina. Kenaka maso ankafiira, mutu n'kuwapweteka masiku angapo. Chaka chimenecho mwendo wakumanja unayamba kukana kupalasa makina, lilime n'kulemera. Munthu wofiira maso, wodzandira, wokoka mawu, anthu sanachedwe kumupezera dzina. Kusukulu ndinasanduka mwana wa chidakwa. Akuluampingo anatumiza uthenga kuti tikatha kukolola bambo akaonekere pamaso pawo, mwina awadule pa Mgonero.

Nanenso ndinakhulupirira. Ndinalemba kuti, "Bambo aledzeranso. Ndikuchita manyazi kuyenda nawo."

Tsiku lina mayi akuyanika mphasa, kope linagwa, bambo n'kulitola. Pochokera kusukulu ndinawapeza pakhonde, kope lili pamwendo. Ndinagwada patali, kudikira ndodo.

"Esinati, mayi wanga, sendera," anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Dzanja lako ndi labwino. Koma apa walemba zonena anthu. Unandionapo ndili ndi chipanda cha mowa?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye uzilemba zimene waona. Tsiku lililonse. Osandikometsera."

Anandipatsa pensulo yawo yolembera miyezo ya zovala. Kwa miyezi iwiri ndinalemba tsiku limene zilonda zatuluka, tsiku limene anena kuti akuona zitseko ziwiri pamene pali chimodzi, tsiku limene kapu yawapulumuka m'manja.

Che Saidi ndi amene anatipezera malo pa lole ya mtedza yopita ku Lilongwe. "Kwerani, atelala," anatero. "Mukagona pansi, mkanjo wanga andisokera ndani?" Kuchipatala, wothandizira dokotala anamasulira kope langa m'Chingerezi tsamba ndi tsamba. Dokotala anati zilonda, maso ndi mwendo zonse ndi matenda amodzi: mitsempha ya magazi imatupa, ndipo kutupako kwafika ku ubongo. Mankhwala othetseratu panalibe. Anangotilembera kalata ya Chingerezi.

Tsiku la mlandu lilime la bambo linalemera kuposa kale. Anayesa kulankhula, akuluampingo n'kumangoyang'anana. Kalata ija akuluwo anaitembenuzatembenuza, popeza wodziwa Chingerezi panalibe. Bambo anandikodola. Ine, amene ndinkaopa ngakhale kuyankha dzina langa m'kalasi, ndinaimirira kope lili m'manja. Ndinafuna kudumpha tsamba lonena za kuledzera lija, koma bambo anagwira mkono wanga.

"Yambira apo."

"Bambo aledzeranso," ndinawerenga, misozi ikugwera papepala. Kenaka ndinapitiriza masiku onse aja mpaka mawu a dokotala, amene ndinawalembamonso. Nditamaliza ndinakhala pansi. Mkulu wina wochokera ku Mitundu, a Phiri, anakanda kumutu nati, "Tsamba loyambalo tinalemba ndife tonse, anzanga. Mwanayu anangogwira pensulo."

Sanawadule. Nyimbo sanatsogolerenso, koma ankakhala pabenchi yakutsogolo, akugunda bondo ndi dzanja lamanzere, ndipo oimba ankatsata dzanja limenelo.

Kwa zaka zambiri ndinkadabwa kuti n'chifukwa chiyani sanang'ambe tsamba limene linawanyoza. Tsopano ndakalamba, ndamvetsa. Ankadziwa kuti mwana amene sabisa cholakwa chake, anthu amukhulupirira pa zina zonse. Kope lija ndikadali nalo, ndipo tsambalo lilimobe, lokwinyika pamene panagwera misozi.