Dzenje la Kuseri kwa Manachesi

Galuyo anabwera naye ndi malemu mayi akunyumba, atamufungata m'chitenje ngati khanda, ine ndikulalata kuti pakhomo pano odyetsa achuluka kale. Iwo atamwalira ndi khansa, ana n'kubalalikira ku Blantyre, amene anatsala nane kuno kwa Kanduku ndi galu yemweyo. Ndikamalima m'munda wa manachesi, iye amagona pamthunzi n'kumandiyang'anira ngati kapitawo. Ndimamukonda, ngakhale kale sindikanavomera pagulu.

Chaka chatha, mvula ili pakati, ndinaona madontho a magazi pakhonde. Nditamugwira ndinapeza chotupa chofiira kumalo obisika. Achemwali anga, amene timayandikana nyumba, anati galu akafika pamenepo amangokamumangirira kuthengo, basi. Zimene ndinawayankha ndimachita nazo manyazi mpaka lero. M'mawa mwake ndinamuika m'dengu n'kumanga pakaliyala, ulendo wa kuboma. Zitunda za kwathu njinga umachita kukankha, ndiye aliyense wokumana nane ankapeza mpata wofunsa ngati ndayamba geni ya agalu.

Adokotala a ziweto, mayi wofatsa, anamuyeza n'kunena kuti ndi khansa. Anafulumira kuonjeza kuti ya mtundu umenewu imamva mankhwala: jakisoni kamodzi pasabata, mwina kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ndinangogwedeza mutu. Mawu amenewo ndinali nditawamvapo kale m'chipatala cha anthu, ndipo ndinkadziwa kumene anathera. Mtengo wake utatchulidwa, wokwana mbuzi ziwiri zonenepa, ine wopanda ngakhale kamwana ka mbuzi, ndinathokoza n'kubwerera.

Nditafika sindinalowe m'nyumba. Ndinatenga khasu n'kukakumba dzenje kuseri kwa manachesi. Ndinkati likhale lokonzeka, imfa isadzandidzidzimutsenso kachiwiri. Achemwali anandipeza dzenje litafika m'mawondo. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana galu, amene nthawiyo anali kalikiliki ndi mkute umene iwo omwewo anamuponyera.

“Achimwene,” anatero, “alamu munawathamangira mpaka tsiku lomaliza. Uyu mukumukumbira akudya?”

Ndinapsa mtima, chifukwa ankanena zoona, komanso chifukwa anali munthu yemwe uja ankati galu akamangiriridwe kuthengo. Khasu ndinaliponya pansi.

Ndalama zinachokera m'mitengo. Ndinaitana venda wina wogula manachesi n'kumugulitsa munda wonse zipatso zikadali zaziwisi, adzathyole yekha zikapsa. Anaona kuti ndapanikizika, ndipo anandidula khosi akumwetulira. Achemwali analalata tsiku lonse kuti ndadyetsa galu zokolola za chaka, koma Lachiwiri lililonse ndi iwo ankayala chiguduli m'dengu muja.

Mankhwala ankachokera ku Blantyre. Jakisoni wachiwiri anamufooketsa. Ankasanza, nthiti zinayamba kuwerengeka, chakudya ankangochinunkhiza. Sabata imeneyo dzenje lija ndinkalizemba, ndinkadzera njira ya kuchigwa. Pofika wachinayi magazi analeka, chotupa n'kuyamba kufota. Sindinauze munthu, kuopa kusangalala msanga.

Tsiku lomaliza adokotala anafufuza kwa nthawi yaitali, kenako anavula magolovesi.

“Bambo, wachira. Musabwerenso, pokhapokha kudzatipatsa moni.”

Ndinakhala pansi pakhonde la ofesiyo, bambo wa imvi zanga, misozi ili chuchuchu, galu akundinyambita m'khutu. Ndinali ndisanamvepo mawu amenewo akunenedwa za aliyense wa pakhomo panga. Pobwerera anakana dengu, anathamanga yekha pambali pa njinga mpaka kunyumba.

Manachesi atapsa, venda anabwera ndi matumba ake. Chaka chimenecho anabereka mochita kuthyola nthambi, ndipo ine mwini wake ndinangolawa atatu ochita kupempha. Galu anamuuwa vendayo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sindinamuletse.

Dzenje lija ndinalithira manyowa n'kudzalamo mbande ya nachesi, mumtima ndikuti ukhale mtengo wa malemu. Sipanathe masiku atatu, ndinapeza mbande ili gada, mizu kumwamba, dothi lili mbwee. Mkati mwa dzenje munali galu, atadzipinda padothi lozizira, maso ali tseke. Mtima unagunda kamodzi mwamphamvu. Ndinamuitana monong'ona.

Anatsegula diso limodzi, n'kumenya mchira pansi, fumbi kobo.